Magazi Akaoneka Mimba Ikadali Yaing'ono

Unali mwezi wa Januwale. Mvula inali itagwa usiku wonse. M'mawa mwake tinalawirira kumunda wa kooperativa kukapalira chimanga, aliyense ndi mizere yake.

Dzuwa litakwera pang'ono, mayi mmodzi anasiya khasu nalowera kutchire. Anabwerako, nagwiranso khasu. Pasanapite nthawi analoweranso. Kachitatu sanabwerere pamzere. Anakakhala pansi pa msuku, atazolika. Mlamu wake anamutsatira.

"Kodi mlamu, kwagwanji? M'mimba?"

"Ayi, palibe. Mutu chabe."

"Mutu umapititsa munthu kutchire katatu? Tandiuzani, ine ndine mkazi mnzanu."

Mayi uja anayang'ana uku ndi uku. Kenaka ananong'ona.

"Ndadumphitsa miyezi iwiri. Koma lero ndikuona magazi."

"Achimwene akudziwa?"

"Za mimba akudziwa. Za magazizi sindinawauze. Ndikuopa, mlamu."

Kwathu kuno mimba yaing'ono sitiitchula. Amayi athu anatilangiza kuti tizikhala chete mpaka ionekere yokha. Ena amaopa anthu oipa mtima, amati angaimange. Ena amangochita manyazi. Mwambo umenewu sitikuunyoza ayi. Palibe chifukwa cholengezera mimba pachitsime. Koma taonani vuto lake. Mayi akabisira aliyense, tsiku limene magazi aoneka amakhala yekhayekha. Amapitiriza kupalira kuti anzake asamudabwe. Amadikira mdima. Mdima ukabwera amadikira kuche.

Tsono ife tikuti: bisirani mudzi wonse ngati mukufuna, koma munthu mmodzi adziwe. Kaya ndi abambo akunyumba, kaya ndi mlamu, kaya ndi mnzanu wapamzere. Akhale munthu woti angakunyamuleni usiku.

Kodi magazi amenewa amachokera kuti?

Kuona magazi m'miyezi 3 yoyamba si chinthu chachilendo. Pa amayi 4 apakati, mmodzi amaona timagazi nthawi imeneyi. Ambiri a iwo mimba imapitirira, mwana n'kubadwa bwinobwino.

Nthawi zina ndi dzira limene likudzikumbira malo m'chiberekero, monga mbewu ikamazika mizu. Nthawi zina ndi khomo la chiberekero. Mayi akakhala ndi pakati khomo limeneli limafewa, ndipo limatha kutulutsa timagazi akakhala malo amodzi ndi mwamuna, kapena ngati pali matenda. Nthawi zinanso timagazi timasonkhana pambali pa kathumba ka mwana, kenaka n'kutuluka pang'onopang'ono.

Koma magazi omwewo angatanthauze kuti mimba ikuchoka. Angatanthauzenso kuti mimba yakhala kunja kwa chiberekero, ndipo imeneyi imapha. Nanga tisiyanitsa bwanji? Ndi maso okha sitingathe. Apongozi sangathe. Azamba sangathe. Ngakhale namwino sangodziwa poyang'ana nsalu, amayamba wapima. Chifukwa chake magazi akaoneka, kaya ndi madontho chabe, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo.

Mlamu uja sanachedwe. Anaimbira lamya achimwene ake, nawauza kuti abwere ndi njinga yamoto. Kwa ife anangoti, "Mlamu wanga sakupeza bwino, tikupita kuchipatala." Palibe anafunsa zambiri. Mizere yawo tinagawana.

Funso loyamba la namwino

Atafika, namwino anafunsa kuti, "Amayi, munayamba liti kusamba komaliza?"

Ambiri a ife funso limeneli limatisowetsa chonena. Timati, "Nthawi ija tinkabzala," kapena, "Mwezi uli kumdima." Koma mayi uyu anatulutsa kope lake la sukulu ya akuluakulu. Kuchikuto kwake analemba yekha, ndi zilembo zopindika pang'ono: 20 Novembala. Tsikulo linali 15 Januwale.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchokera pa 20 mpaka pa 30 Novembala ndi masiku 10. Disembala ali ndi masiku 31. Mu Januwale tatha masiku 15. Tikaphatikiza 10, 31 ndi 15 tipeza 56. Sabata ili ndi masiku 7. Tikagawa 56 ndi 7 tipeza 8. Mimbayo inali ya masabata 8.

Umu ndi mmene achipatala amawerengera mimba: kuyambira tsiku loyamba la kusamba komaliza. Ife amene taphunzira kulemba, ntchito ya pensulo ndi imeneyi. Mwezi uliwonse lembani tsiku limene mwayamba kusamba. Mukataya magazi muli ndi pakati, lembaninso tsiku, nthawi, ndi nsalu zimene mwasintha.

Namwino anapima mkodzo, natsimikiza kuti mimba ilipo. Anapima kuthamanga kwa magazi. Anagwira pamimba, mbali iyi ndi iyo, akufunsa ngati pakupweteka. Anabaya chala kuona malungo, kuchepa kwa magazi, chindoko ndi HIV. Pomaliza anaona khomo la chiberekero. Linali lotseka.

"Pakali pano mimba sinachoke," anatero namwino. "Koma sindikunamizani, amayi. Ikhoza kukhala, ikhozanso kuchoka. Ndikulemberani kalata mukajambulitse kuchipatala chachikulu, tione ngati yakhala pamalo pake. Magazi akachuluka, kapena m'mimba mukapweteka kwambiri, kapena mukamva chizungulire, musadikire tsiku la kalatali. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku."

Masiku odikira

Mayi uja anatiuza pambuyo pake kuti masiku amene anadikira anali owawa kuposa magaziwo. Tulo sankagona. Ankadzuka usiku, kuyatsa tochi, kuyang'ana nsalu. Nsima inkakanika kutsika.

Pakhomo napo panayamba zokambakamba. Apongozi anati ndi khasu: "Munthu wapakati kumawerama tsiku lonse!" Azakhali anayang'ana mwamuna ndi diso lofiira, akuganiza za tsempho. Mayi mwiniwake ankadziimba mlandu mumtima chifukwa cha mtolo wa nkhuni umene anasenza dzana lake.

Apa tiime pang'ono, chifukwa mabanja ambiri amapasuka ndi mawu otere.

Pa mimba 10 zimene amayi azizindikira, imodzi kapena ziwiri zimachoka zokha, makamaka m'miyezi 3 yoyamba. Pafupifupi theka la zimenezi zimachoka chifukwa kamwanako sikanaumbike bwino kuyambira tsiku loyamba. Si mayi anachititsa, si bambo anachititsa. Ife alimi tikudziwa zimenezi. Timaponya mbewu za m'thumba limodzi, m'nthaka imodzi, mvula imodzi. Zina zimamera, ina osamera. Kodi timakalipira amene anabzala?

Kupalira, kusinja, kutunga madzi, kukwera njinga, kudzidzimuka, kukhala malo amodzi ndi mwamuna: zimenezi sizichotsa mimba imene yakhala bwino. Ndipo kugona pamphasa tsiku lonse sikubweza mimba imene yayamba kale kuchoka. Madokotala anafufuza, anapeza kuti kugona sikuthandiza. Komabe munthu amene akutaya magazi ndiponso ali ndi mantha, tisamupatse khasu. Apume, azigwira tintchito topepuka, ayambe waleka zogona ndi mwamuna mpaka magazi atasiya. Ife mnzathuyu tinamupatsa ntchito yosankha nyemba za mbewu pakhonde, ndipo masiku ake tinawalemba m'buku la ntchito monga a wina aliyense.

Zilipo zinthu zimene zimaonongadi mimba, ndipo zimenezi tingalimbane nazo. Choyamba ndi malungo. Mayi wapakati thupi likatentha apimitse tsiku lomwelo, ndipo azigona m'neti usiku uliwonse. China ndi chindoko. Chimachizika ndi jakisoni, koma mwamuna nayenso abayitse, apo ayi adzampatsanso mkazi wake. Ngati pali choona pa mawu a azakhali aja, ndi chimenechi: mwamuna woyendayenda amabweretsa matenda m'nyumba. Mankhwala ake ndi a kuchipatala, ndipo apite onse awiri. Kachasu ndi fodya nazo n'zoipa kwa mayi wapakati. Kumenya mkazi wapakati ndiye tisanene n'komwe, umenewo ndi mlandu.

Palinso china cha kumunda kwenikweni. Mayi wapakati asapopere mankhwala mu kachewere, mu matimati kapena mu fodya. Asasungunule mankhwalawo, ndipo asachape zovala za amene wapopera. Ntchito imeneyo atenge ena.

Nanga m'mimba mukamapweteka amwe chiyani? Parasetamolo ndi wabwino. Asipirini ndi mapiritsi ena ogula pamsika ayi, chifukwa ena amaonjezera kutaya magazi. Mizu ndi makungwa omwe amati amamanga mimba, ayinso. Sitidziwa mphamvu yake, ndipo pamene tikudikira kuti agwire ntchito, nthawi ikutha. Kumaliseche asaikeko kanthu, kaya masamba, kaya thonje. Nsalu yoyera ikhale kunja basi.

Mimba imene yakhala panjira

Tikuuzeni za mayi wina wa mudzi woyandikana nafe. Ameneyu sankadziwa n'komwe kuti ali ndi pakati. Anangodumphitsa mwezi umodzi, kenaka anaona timagazi takuda, tochepa. Anati basi kusamba kwabwera mochedwa. Mbali imodzi ya chinena inkamubaya. Anapirira masiku atatu. Tsiku lachinayi anagwa kudimba ali ndi kheni m'manja.

Anthu anathamanga. Ena anati ndi njala, namufunira phala. Ena anati wina wamuponyera. Atatsitsimuka anadandaula kuti paphewa pakumupweteka, anthu n'kudabwa kuti phewa likugwirizana bwanji ndi m'mimba. Koma m'mudzimo munali wa zaumoyo, aja timawatcha APE. Anamutsegula chikope, naona kuti m'kati mwayera ngati pepala. Anagwira pamkono, mtima ukuthamanga koma mofooka. Thupi linali lozizira, thukuta lili kamukamu. Anafunsa funso limodzi lokha: "Munasamba liti?" Atamva yankho anati, "Mangani ng'ombe. Phalalo musamupatse."

Chinachitika n'chiyani m'thupi mwake? Chiberekero chili ndi tinjira tiwiri, kena kumanja kena kumanzere. Dzira likakumana ndi mbewu ya mwamuna limayenda m'kanjira kameneka mpaka kukafika m'chiberekero. Nthawi zina limaima panjira n'kuyamba kukulira pomwepo. Zimachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa mimba 100. Kawirikawiri kanjirako kamakhala kuti kanaonongeka kale ndi matenda opatsirana, monga chinzonono chimene sichinachizidwe bwino. Koma zimagweranso mayi amene sanadwalepo.

Kanjirako n'kopapatiza, sikatambasuka ngati chiberekero. Mimba ikamakula kamang'ambika. Magazi amatayikira m'kati mwa mimba, kumene sitiona. Kuopsa kwake n'kumeneku: pansalu pali madontho ochepa, koma m'kati magazi akudzaza. Magaziwo akafika pansi pa chifuwa, ululu umamvekera paphewa. Mimba yotere singapulumuke, ndipo palibe njira yoisamutsira pamalo pake. Amene tikupulumutsa ndi mayi.

Anamugoneka m'ngolo, miyendo ataikweza pa thumba la madeya, atamufunditsa bulangete. Kuchipatala chaching'ono anamuika diripi, naitana ambulansi. Usiku womwewo anamuchita opaleshoni. Abale ake awiri amene anapita nawo anapereka magazi. Tizikumbukira zimenezi: popita ndi mayi wotaya magazi, pasapite agogo okha. Papitenso anthu amphamvu oti angapereke magazi.

Ena amati, "Kwathu kuno kulibe dokotala wamkulu, tikavutikiranji?" Mvetserani. Dziko lathu la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri anachoka. Mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa anthu ena a zachipatala ntchito ya opaleshoni, aja amatchedwa técnicos de cirurgia. Amenewa ndi amene akhala akuchita maopaleshoni ambiri a amayi m'zipatala za m'maboma. Opaleshoni ya mimba ya panjira ndi ntchito imene anaiphunzira. Kwa ife a ku Angónia, chipatala chachikulu chili ku Ulónguè. A kwina afunse lero, asanadwale munthu, kuti chipatala chochita opaleshoni chapafupi ndi chiti.

Mayi wa kudimba uja anachira. Anamuchotsa kanjira kamodzi. Kenako katsala, ndipo ndi kamodzi komweko mayi amatha kutenganso pakati.

Tsono zizindikiro zoti sitidikira kuche tazimva m'nkhaniyi: kupweteka kwambiri m'mimba, makamaka mbali imodzi, kupweteka paphewa, chizungulire kapena kukomoka, m'maso ndi m'manja kuyera. Tionjezepo magazi ochuluka, oti nsalu ziwiri zanyowa pa ola limodzi, kapena akutuluka mibulu ikuluikulu. Tionjezeponso kutentha thupi, ndi zotuluka zonunkha. Mkazi aliyense wa msinkhu wobereka akagwa ndi m'mimba, funsani za kusamba, ngakhale akhale wosakwatiwa, ngakhale akhale woyamwitsa.

Mimba ikachoka

Si onse amene nkhani yawo imatha bwino. Ena amapita padera. Magazi amachuluka, m'mimba mumapota ngati matenda a kubereka, kenaka zimatuluka.

Zikatero ambiri amati zatha, n'kukhala pakhomo. Koma nthawi zina zotsalira zimakhalira m'chiberekero. Zimenezi zimapitiriza kutayitsa magazi, ndipo zikaola zimabweretsa matenda oopsa amene angatseke njira ya kubereka kapena kupha kumene. Kuchipatala amaona ngati zonse zatuluka. Ngati zatsalira amapereka mapiritsi ozitulutsa, kapena amatsuka m'chiberekero ndi kachipangizo kokoka. Ntchitoyi sitenga nthawi yaitali.

Alipo amayi, makamaka atsikana, amene amaopa kupita chifukwa akuti akawanena kuti achotsa dala. Ena anayesadi kuchotsa ndi mizu kapena ndi zobaya, tsono akubisala uku akutha magazi. Amenewanso tiwanyamule. Achipatala ntchito yawo ndi kuchiza, ndipo kuwauza zoona kumathandiza kuti achize bwino. Lamulo la dziko lathu linasintha mu 2014: limalola kuchotsa mimba kuchipatala m'masabata 12 oyamba. Aliyense ali ndi maganizo ake pa nkhani imeneyo. Koma palibe mwa ife amene akufuna kukumba manda a mtsikana amene anaopa kulankhula.

Mayi akapita padera, timagazi timapitirira sabata imodzi kapena ziwiri. Amwe mapiritsi oonjezera magazi, aja amati sal ferroso. Adye nyemba, chisoso, bonongwe, mazira, ndi kanyama kakapezeka. Adziwenso kuti angathe kutenga pakati pena pakangopita masabata awiri, asanasambe n'komwe. Ngati sanakonzeke, afunse njira yolera asanatuluke m'chipatala. Amayi ambiri amene anapita padera kamodzi amadzabereka bwino pambuyo pake.

Pa mwambo wathu mimba yaing'ono sitiilira maliro. Amayi achikulire amakonza zonse mwakachetechete, m'mawa kukacha moyo n'kupitirira. Koma mwini wake mumtima akulira. Mawu oti "mudzabereka wina" ndi oona, koma tsiku loyamba samveka. Kuli bwino kumutungira madzi, kumusinjira, kukhala naye pakhonde osanena zambiri. Mwamunanso mumuyendere. Iyenso wataya.

Zimene tinapangana

Pamsonkhano wa mwezi umenewo nkhaniyi inakambidwa popanda kutchula dzina la munthu. Tinapangana kuti pokolola aliyense azichotsa chitini chimodzi cha chimanga. Tikagulitsa, ndalamayo izikhala ya mafuta a njinga yamoto, ndipo msungichuma asafunse kuti wodwalayo akudwala chiyani. Manambala a lamya a eni njinga awiri ndi a APE tinawalemba pa chitseko cha nkhokwe ya kooperativa, ndi zilembo zikuluzikulu zoti aliyense awerenge. Mwini ngolo anavomera kuti nthawi ya dzinja, pamene msewu uli matope okhaokha, ng'ombe zake zizigona pafupi.

Panali mkangano pang'ono. Bambo wina anati, "Tikayamba kulemba masiku a anthu amene sanagwire khasu, aliyense adzati ndili ndi pakati." Amayi anaseka. Mmodzi anamuyankha kuti, "Inuyo mukadzatenga pakati, abambo, tidzakulemberaninso." Nkhani inathera pomwepo.

Tinapangananso kuti sikelo tiziyamba msanga, mimba isanapitirire masabata 12, osadikira kuti ionekere. M'zipatala za boma sikelo salipiritsa. Kumeneko ndi kumene amapeza chindoko ndi kuchepa kwa magazi zisanaononge. Mapiritsi oteteza malungo, aja a Fansidar, amayamba kupereka mimba ikafika masabata 13, osati isanafike. Musagule nokha n'kumwa mimba ikadali yaing'ono.

Nanga mnzathu wa pansi pa msuku uja? Anapita kukajambulitsa pamodzi ndi mwamuna wake. Wojambula anamutembenuzira galasi, namulozera kadontho kakang'ono kamene kankaphethira msangamsanga.

"Mukukaona ako? Ndi mtima umenewo. Ali pamalo pake."

Timagazi tinapitirira masiku ena asanu, tikucheperachepera, kenaka tinasiya. Nthawi yobandira anabwerera kumunda, koma mpope wa mankhwala sanaugwirenso chaka chimenecho. Mwezi womaliza anakadikirira kunyumba ya amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala. Mwana anabadwa pa 24 Ogasiti, chimanga chili kale m'nkhokwe. Ndi wamkazi. Dzina anamutcha ndi mlamu uja.